Asanakwere ya ku Limbe

Ntchito yanga ndi zitseko.
Khumi ndi zinayi, kuphatikizapo cha ofesi
chimene loko wake amafuna kunyengerera.
Anandilemba kulondera mabenchi, choko
ndi matumba a ufa wa phala.
Za anthu sizinali m'pangano.

Koma mu Juni, chiperoni chitatsika m'minda ya tiyi
n'kumeza mseu wopita pa boma ku Thyolo,
tochi yanga inapeza phazi
pansi pa desiki la Sitandade Seveni.
Phazi lokha, long'aluka chidendene,
mwini wake atadzipinda m'thumba la feteleza
ngati mbewa yothawa lupsa.

Tobiyasi Khoviwa.
Yemwe uja woimba belu m'mawa.
N'chifukwa chake sankachedwa.

Sindinamufunse kanthu.
Ndinam'gawira chinangwa ndi malo pambaula,
nkhani inatuluka yokha, movutikira,
ngati utsi wa nkhuni zaziwisi:
amayi anamwalira nyengo yothyola itangotha,
nyumba ya kulaini ndi ya kampani,
kapitawo anapereka masabata awiri,
bambo omupeza anatenga wailesi ndi njinga
n'kulowera ku Muloza osatsanzika.
M'sokosi munali ndalama zopindapinda.
"Zikakwana ya minibasi ndipita ku Limbe.
Akuti kumeneko munthu sagona ndi njala."

Ine ku Limbe ndinakhalako.
Ndikuwadziwa makatoni a pakhonde la sitolo,
ndikuwadziwa obwera pakati pa usiku
ndi mtengo umene amatchula kwa mwana
wofuna pogona.
Ndinali msinkhu wake.
Palibe amene anandiunika ndi tochi.

Kutacha sindinapite kukagona.
Ndinadikira Mayi Namathanga pageti,
chipewa m'manja, mawu akupunthwa m'kamwa.
Anatsegula kaundula: Tobiyasi sanajombepo.
"Taonani," anatero, "buku likuti ali bwino."
Analitseka.
Kenako anatenga foni.

Lachinayi kunabwera wa zoteteza ana
pa njinga yamoto ya galasi limodzi,
Bambo Muhiwa, olankhula motsitsa.
Sanabwere ndi bulangete, sanabwere ndi kamera.
Anakhala pachitsa n'kufunsa:
"Kodi amayi ako anabadwa okha?"

Dzina analilondola midzi itatu,
kutsetsereka m'nthochi za ku Thekerani,
mpaka pakhomo pa Esinati, mng'ono wa malemu,
amene sankadziwa n'komwe kuti mwana ali pamtetete.
Anadandaula za ufa,
za ana ake anayi,
za denga lodontha pomwe pali mphasa.
Zonse zinali zoona.

A komiti ya makolo anasonkha malata atatu akale.
A mpingo, thumba la chimanga losadzaza.
Mayi Namathanga analemba kalata yosamutsira sukulu
n'kupita nayo okha, Loweruka, pa ndalama zawo.
Ine ndinapereka jekete
imene inandichepera kalekale.

Sindinama kuti zonse zinatha pomwepo.
Anathawako kawiri.
Ulendo wina anam'peza pa siteji ku Bvumbwe
akuwerenga makobidi, maso ali kumpoto.
Bambo Muhiwa sanam'kalipire.
Anagula mbatata yootcha, anakhala naye pamwala
mpaka minibasi zisanu zitadutsa.

Mwezi watha kondakitala anandiponyera kapepala:
"Bambo mlonda, mayeso ndalemba.
Masamu anavuta.
Jekete ikadalipo, koma zipi anafa."

Ndakawerenga kasanu. Kali m'chipewa.

Ntchito yanga ikadali zitseko,
ndimaziyesabe chimodzichimodzi,
koma tochi tsopano imayambira pansi pa madesiki.
Ndipo m'mawa, ndisanapereke makiyi,
ndimaima pang'ono kuona amene wafika
mame asanaume,
amene chikwama chake chatupa kuposa mabuku,
amene belu lotulukira likalira
amayamba kumanga chingwe cha nsapato
chimene sichinamasuke.